Mafunso ndi mayankho: kuvomereza mapangano a mayiko oteteza ufulu wa amayi

Ikangobuka nkhani yoti boma livomereze pangano la mayiko lokhudza amayi, mafunso amakhala omweomwewo, kaya ndi pa wailesi, pamsonkhano wa bungwe kapena m'komiti ya aphungu. Tawasanja kuyambira osavuta. Pomwe yankho laperekedwa kale pa funso lina, takulozerani komweko.

1. Kodi mapangano amenewa ndi ati kwenikweni?

Lalikulu, lokhudza dziko lonse lapansi, ndi CEDAW, pangano lothetsa tsankho la mtundu uliwonse kwa amayi. Msonkhano waukulu wa United Nations unalikhazikitsa pa 18 Disembala 1979, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 3 Sepitembala 1981 mayiko 20 atalivomereza. Lili ndi ndime 30. Mu 1999 anawonjezerapo pangano lina laling'ono lotsegula njira ya madandaulo (onani funso 9).

Palinso a m'zigawo. Africa ili ndi Pangano la Maputo, lomwe atsogoleri a African Union anagwirizana pa 11 Julayi 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu Novembala 2005. Mayiko a ku America ali ndi la Belém do Pará la 1994, la nkhanza zochitira amayi. Ku Ulaya kuli la Istanbul la 2011, la nkhanza zomwezo ndi za m'banja. Bungwe loona za ntchito la ILO nalo lili ndi ake: nambala 100 la 1951 la malipiro ofanana, nambala 183 la 2000 la uchembere, nambala 189 la 2011 la antchito a m'nyumba, ndi nambala 190 la 2019 la nkhanza ndi chipongwe kuntchito.

Mfundo za msonkhano wa amayi wa ku Beijing wa 1995 anthu amazitchula kwambiri, koma si pangano. Palibe dziko limene limazivomereza mwalamulo, ndipo palibe boma lingaimbidwe mlandu chifukwa chozinyalanyaza.

2. Boma lathu linasaina. Ndiye kuti zatheka?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsikira. Kusaina ndi kungosonyeza kuti dziko lili ndi maganizo olowa nawo. Dziko losaina lili ndi udindo umodzi wokha, wosachita zinthu zogwetsa cholinga chenicheni cha panganolo, malinga ndi ndime 18 ya Pangano la Vienna la 1969, lomwe ndi lamulo loyendetsera mapangano a mayiko. Silikakamizidwa kusintha lamulo lililonse kapena kupereka lipoti kwa wina aliyense.

Kuvomereza ndiko kumamanga dziko. Boma limalemba chikalata, nthawi zambiri tsamba limodzi lokha, chosainidwa ndi mtsogoleri wa dziko, mkulu wa boma kapena nduna yoona za ubale ndi mayiko ena. Chikalatacho chimayenera kukafika m'manja mwa wosunga pangano: la CEDAW kwa mlembi wamkulu wa United Nations ku New York, la Maputo ku likulu la African Union ku Addis Ababa, a ILO ku Geneva. Pa CEDAW, pakangotha masiku 30 chikalata chitaperekedwa, pangano limayamba kugwira ntchito pa dzikolo. Aphungu angathe kuomba m'manja, nduna n'kulengeza pa wailesi, koma chikalata chikagonera m'kabati ya ku unduna, dziko silinavomereze.

United States inasaina CEDAW mu 1980, nthawi ya pulezidenti Jimmy Carter. Zaka zoposa 40 zadutsa, sinavomerezebe.

3. Ndani ali ndi mphamvu yovomereza?

Zimatengera malamulo oyendetsera dzikolo. Kwina nduna za boma zikagwirizana n'zokwanira. Kwina aphungu ayenera kuvota kaye. Ku United States pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu a Senate, ndipo mpamene CEDAW inatitimira: komiti yoona za mayiko akunja inaivomereza mu 1994 ndi mu 2002, koma sinafikepo povoteredwa ndi nyumba yonse. Musanalembe kalata kwa aliyense, dziwani kaye njira ya kwanu, mungataye chaka chonse mukugogoda pa khomo lolakwika.

4. Ndi mayiko ati amene sanavomereze?

CEDAW inavomerezedwa ndi mayiko 189. Mwa mamembala a United Nations, otsala ndi Iran, Palau, Somalia, Sudan, Tonga ndi United States. Ku Tonga boma linalengeza mu 2015 kuti livomereza, koma linabwerera m'mbuyo anthu, makamaka a mipingo, atachita zionetsero.

Chiwerengero cha 189 chisakunamizeni kuti ntchito inatha. Njira ya madandaulo ija analowamo mayiko ochepa kuposa pamenepo. Pangano la Maputo lavomerezedwa ndi mayiko oposa 40 mwa 55 a African Union, ndipo la ILO nambala 190, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Juni 2021 Uruguay ndi Fiji atatsogola, mayiko ambiri sanalilowebe. Chodabwitsa n'chakuti Somalia, yomwe ili kunja kwa CEDAW, inali m'gulu la oyambirira kuvomereza la 190.

5. Dziko likavomereza, pangano limasanduka lamulo pomwepo?

M'mayiko ena inde. Malamulo oyendetsera dziko la Kenya a 2010 amanena kuti pangano lililonse lomwe dzikolo lavomereza ndi gawo la malamulo ake. Koma m'mayiko ambiri amene anatengera kayendetsedwe ka malamulo ka Britain, aphungu amayenera kupanga lamulo lapadera loika mfundo za panganolo m'malamulo a dziko. Popanda zimenezo, mayi sangaimirire m'khoti n'kudalira ndime ya CEDAW yokha.

Ngakhale zili choncho, oweruza amaligwiritsabe ntchito pomasulira malamulo. Ku India, mayi wina wogwira ntchito zachitukuko m'chigawo cha Rajasthan anagwiriridwa ndi gulu la amuna atayesa kuletsa ukwati wa kamwana. Nthawi imeneyo India inalibe lamulo la chipongwe chogonana kuntchito. Mu 1997, pa mlandu wa Vishaka, khoti lalikulu linatsamira pa CEDAW, yomwe India inavomereza mu 1993, n'kulemba malangizo omanga olemba anthu ntchito onse. Malangizowo anagwira ntchito mpaka aphungu atapanga lamulo mu 2013.

6. Malamulo athu amanena kale kuti amuna ndi akazi ndi ofanana. Pangano ndi lachiyaninso?

Chiganizo chimodzi chonena za kufanana sichifika kutali. CEDAW imapita pomwe chiganizocho chimalekezera. Ndime 1 imati tsankho silionedwa pa cholinga cha lamulo chokha, komanso pa zotsatira zake. Lamulo loti ngongole ipatsidwe kwa okhawo amene ali ndi chikalata cha malo silitchula mkazi paliponse, koma kumene zikalata zili m'maina a amuna, wotsekeredwa kunja amadziwika. Ndime 2 imapatsa boma udindo wothetsa tsankho lochitidwa ndi anthu, makampani ndi mabungwe, osati la boma lokha. Ndime 4 imalola njira zapadera zakanthawi, monga kusungira amayi mipando, osazitcha tsankho kwa amuna. Ndime 14 ndi ya amayi a kumidzi okhaokha: ngongole, malo, madzi, chipatala.

Chinanso, malamulo oyendetsera mayiko angapo amene ankalamulidwa ndi Britain analembedwa moletsa tsankho, kenako n'kupatula nkhani za ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye. Malo enieni amene amayi amapwetekerapo ndi omwe anasiyidwa dala. Ndime 16 ya CEDAW imalowa pamenepo.

7. Kodi dziko lingavomereze pangano koma n'kukana ndime zina?

Inde, ndipo CEDAW ndi limodzi mwa mapangano okanidwa ndime zambiri. Povomereza, boma limalemba kuti ndime yakutiyakuti sidzalimanga. Zokanidwa kawirikawiri ndi ndime 2, ndime 9 yonena za unzika wa mayi ndi ana ake, ndi ndime 16 ya banja. Saudi Arabia inavomereza mu 2000 koma inalemba kuti paliponse pomwe pangano lisemphana ndi malamulo a Chisilamu, silidzatsatidwa.

Ndime 28 imaletsa kukana kogwetsa cholinga cha pangano, ndipo komiti yoyang'anira CEDAW (onani funso 8) yanena kangapo kuti kukana ndime 2 kapena 16 n'kotero. Vuto n'lakuti palibe angathamangitse dziko chifukwa cha zimenezi. Mayiko ena amangolemba kutsutsa kwawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nanga olimbikitsa kuvomereza atani boma likati lilowa pokhapokha litakana ndime zina? Anthu amasiyana maganizo. Ife tikuona kuti kulowa ndi ndime imodzi kapena ziwiri zokanidwa, zotchulidwa bwinobwino, n'kwabwino kuposa kukhala kunja, chifukwa dzikolo limayamba kufunsidwa za ndimezo nthawi iliyonse likapereka lipoti, ndipo zokanazo zimachotseka. Morocco inachotsa zake za ndime 9 ndi 16 mu 2011, Tunisia inachotsa zake mu 2014. Koma kukana kwachisawawa, koti pangano lonse lidzagonjera malamulo a dziko, n'koyenera kulimbana nako chikalata chisananyamuke.

8. Ndani amaona ngati boma likukwaniritsa?

CEDAW ili ndi komiti ya akatswiri 23, osankhidwa ndi mayiko koma osaimira maboma awo. Dziko limapereka lipoti pasanathe chaka litavomereza, kenako zaka zinayi zilizonse. Likafika tsiku, nthumwi za boma zimakhala pamaso pa komiti ku Geneva pafupifupi tsiku lonse. Mafunso ake si a mwambo chabe. Katswiri amatha kufunsa kuti mwa milandu yogwiririra imene inafika kupolisi chaka chatha, ingati inafika kukhoti, ndipo ingati inathera kundende. Nduna imatembenukira kwa mlembi wake, mlembi n'kuyamba kusanthula mapepala. Zokambiranazi zimaulutsidwa pa intaneti, aliyense angathe kuonera.

Akatswiriwo mafunso otere amawatenga kuti? Ambiri amachokera m'malipoti amene mabungwe omwe si aboma amatumiza pawokha. Kabungwe kakang'ono kamene kalemba masamba ochepa a umboni weniweni kangathe kuchititsa nduna kuyankha funso limene kwawo yakhala ikulizemba zaka zambiri. Mwayi umenewu umabwera ndi kuvomereza. Dziko longosaina silifunsidwa kanthu.

Pa Pangano la Maputo malipoti amapita ku bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu lomwe lili ku Banjul. Maboma ambiri amachedwa nawo zaka ndi zaka, ena osatumiza n'komwe.

9. Kodi mayi payekha angakadandaule kunja kwa dziko lake?

Angathe, ngati dziko lake linavomerezanso pangano lowonjezera la 1999, ndipo ngati wayesa kaye makhoti a kwawo mpaka njira zitatha kapena zitachedwa mopitirira muyeso.

Alyne da Silva Pimentel anali mayi wa zaka 28 wa ku Brazil. Anamwalira mu 2002 ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, atachedwetsedwa kuchipatala china n'kusiyidwa maola ambiri pakhonde la china. Mlandu wa banja lake unagona m'makhoti a ku Brazil zaka zambiri osaweruzidwa. Amayi ake anapita nawo ku komiti ya CEDAW, ndipo mu 2011 komitiyo inapeza boma lolakwa, ngakhale chipatala choyambacho sichinali cha boma. Aka kanali koyamba kuti bungwe la United Nations lotere liimbe boma mlandu pa imfa ya uchembere yopeweka. Pambuyo pake Brazil inapereka chipukuta misozi kwa amayi akewo.

Komiti si khoti, ndipo ilibe apolisi. Zimene yagamula boma lingathe kuzizengereza. Ku Africa kuli khoti lenileni ku Arusha, lomwe mu 2018 linagamula kuti lamulo la mabanja la Mali, lolola mtsikana kukwatiwa ali ndi zaka 16, likuphwanya Pangano la Maputo, lomwe limati 18.

10. Kunena zoona, mapanganowa amasintha kanthu?

Paokha ayi. Afghanistan inavomereza CEDAW mu 2003 osakana ndime ngakhale imodzi, koma a Taliban atalanda boma mu 2021 atsikana anatsekeredwa sukulu za sekondale, kenako mayunivesite. Pepala silinaimitse aliyense.

Limagwira ntchito kumene kuli anthu olinyamula: maloya, oweruza, aphungu, atolankhani, magulu a amayi. Japan, pokonzekera kuvomereza mu 1985, inasintha lamulo la unzika kuti mwana azitha kutenga unzika kwa mayi ake, n'kupanganso lamulo la mwayi wofanana pa ntchito. Ku Brazil, Maria da Penha anawomberedwa ndi mwamuna wake mu 1983 n'kulumala miyendo, mwamunayo n'kumayenda mfulu zaka zambiri. Bungwe la mayiko a ku America loona za ufulu linadzudzula boma mu 2001 potengera pangano la Belém do Pará, ndipo mu 2006 dzikolo linapanga lamulo la nkhanza za m'banja lotchedwa dzina la mayiyo.

Nthawi zina zinthu zimayenda chobwerera, khoti kutsogolo, pangano pambuyo. Unity Dow wa ku Botswana anakwatiwa ndi mwamuna wa ku America, ndipo ana amene anabadwa m'banjamo anakanizidwa unzika wa dziko la mayi awo. Anapambana mlandu mu 1992, lamulo linasinthidwa mu 1995, ndipo Botswana inalowa mu CEDAW mu 1996.

11. Kodi izi si zachilendo zofuna kupha chikhalidwe ndi chipembedzo?

Funsoli limamveka ku Tonga, ku Sudan, ku Hungary ngakhalenso ku United States, aliyense akuloza kwina kumene akuti zachokera. Pangano la Maputo analemba ndi anthu a mu Africa, n'kuvomerezedwa ndi atsogoleri a mu Africa. Ndime 17 yake imapatsa amayi ufulu wokhala m'chikhalidwe chowalemekeza ndi kutenga nawo mbali pochikonza. Pa mitala silinaletse: linati banja la mkazi mmodzi ndilo loyenera kulimbikitsidwa, koma ufulu wa amayi a pamitala utetezedwe.

Tisabise, pali miyambo imene mapanganowa amalimbana nayo mosapita m'mbali: mdulidwe wa atsikana, kukwatiwitsa ana, kulanda katundu wa mayi wamasiye, kumukakamiza kukwatiwa ndi munthu amene sanamusankhe. Wonena kuti pangano likupha chikhalidwe afunsidwe kuti mwa izi akufuna kusunga chiti. Ku Gambia aphungu ena anayesa mu 2024 kuchotsa lamulo loletsa mdulidwe, ndipo nyumba ya malamulo inakana.

12. Kodi kuvomereza ndi kuloleza kuchotsa mimba?

Yankho likusiyana malinga ndi pangano, ndipo kuzemba funsoli kumangopatsa mphamvu otsutsa. M'mawu a CEDAW mulibe kuchotsa mimba. Muli ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, kuphatikizapo kulera, ndi wosankha chiwerengero cha ana ndi nthawi yoberekera. Komabe komiti yake yakhala ikulangiza mayiko kuti asamamange amayi pa nkhaniyi ndiponso kuti alole pa zifukwa zina. Malangizowo ali ndi mphamvu, koma si ndime za pangano.

La Maputo limanena poyera. Ndime 14 imati mayiko alole kuchotsa mimba kuchipatala ngati mayi anagwiriridwa, ngati mimba ndi ya pachibale, kapena ngati ikuika pachiswe moyo kapena thanzi la mayi, kapena moyo wa mwana wosabadwayo. Kenya ndi Uganda anavomereza pangano koma anakana gawo limeneli, mwa njira imene tafotokoza pa funso 7. Rwanda inakana poyamba, n'kudzachotsa kukanako mu 2012.

13. Nanga amuna atayapo chiyani?

Mphamvu zina zimene lamulo linkawapatsa okha, monga kugulitsa katundu wa banja osafunsa mkazi. Pangano la ILO nambala 190 limateteza wantchito aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, kuphatikizapo wofuna ntchito, wophunzira ntchito ndi wogwira ntchito zosalembedwa m'kaundula.

14. Kodi zimafuna ndalama zambiri?

Kuvomereza kwenikweniko sikudya ndalama. Kukwaniritsa ndiko kumadya: malo othawirako ozunzidwa, azamba, maphunziro a apolisi ndi oweruza, kusonkhanitsa ziwerengero. Walira mvula walira matope. Koma zambiri mwa zofunika kwambiri ndi zongosintha mawu a lamulo, monga zaka zokwatiwira, unzika wa ana ndi kagawidwe ka chuma cha masiye. Boma lonena kuti lilibe ndalama lifunsidwe chifukwa chake izi nazo zaima.

15. Dziko lingatuluke m'pangano litavomereza kale?

M'ena lingathe. Turkey inali dziko loyamba kuvomereza pangano la Istanbul mu 2012, pangano lotchedwa dzina la mzinda wake womwe. Mu Malichi 2021 pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan analamula kuti dzikolo lituluke, ndipo linatulukadi pa 1 Julayi chaka chomwecho, aphungu osavota. CEDAW ilibe ndime yotulukira. Zimene zinachitika ku Turkey ndi chifukwa china cholimbikira kuti mfundo za pangano zilowe m'malamulo a dziko, monga tanenera pa funso 5, poti lamulo la aphungu silifafanizika ndi siginecha ya munthu mmodzi.

16. Munthu wamba kapena bungwe laling'ono lingathandize bwanji?

Yambani ndi kufufuza pomwe dziko lanu laima pa pangano lililonse. United Nations, African Union ndi ILO amaika poyera pa intaneti mndandanda wa osaina, ovomereza ndi ndime zokanidwa. Kenako pezani pomwe fayilo yagona. Kawirikawiri imakhala pakati pa unduna woona za amayi kapena za ntchito, wa zachilungamo ndi wa ubale ndi mayiko ena, uliwonse ukudikira unzake. Phungu mmodzi akafunsa m'nyumba ya malamulo kuti chikalata chili pati ndipo chipita liti, yankho limalembedwa, ndipo mungadzalikumbutse.

Pa mapangano a ILO pali chogwirira china. Malamulo a bungweli amati boma lililonse lipereke pangano latsopano kwa opanga malamulo a dziko lake pasanathe chaka, kapena miyezi 18 zikavuta, ngakhale lisakufuna kulivomereza. Mabungwe a ogwira ntchito ali ndi mpando mu ILO, choncho ali ndi ufulu wonse wofunsa ngati izi zinachitika.

Polankhula ndi anthu, musayambe ndi dzina la pangano. Yambani ndi lamulo limodzi la kwanu limene lingasinthe, ndi munthu amene lamulolo likumupweteka lero. Ndipo amene akukayika, makamaka atsogoleri a mipingo ndi mafumu, kambani nawo boma lisanalengeze, muwapatse ndime zenizenizo awerenge okha. Ku Tonga zionetsero zinabuka boma litalengeza kale.

17. Dziko lathu linavomereza CEDAW kalekale. Chatsala n'chiyani?

Onani ngati linalowa njira ya madandaulo ya pa funso 9, ngati pali ndime zimene linakana ndipo silinachotse, komanso chaka chimene linapereka lipoti lomaliza. Werengani malangizo amene komiti inapereka ulendo wathawo. Komiti imasankhapo ochepa oti boma lifotokoze zimene lachitapo pasanathe zaka ziwiri, ndipo amenewo ndi osavuta kuwalondola. Onaninso a ILO, makamaka 183, 189 ndi 190, omwe mayiko ambiri sanawavomereze. Kwa mayiko a mu Africa palinso latsopano: mu Febuluwale 2025 atsogoleri a African Union anakhazikitsa pangano lothetsa nkhanza kwa amayi ndi atsikana, ndipo nalo liyenera kudutsa njira yonse ya pa funso 2, dziko ndi dziko.